Mano oikirira a amayi akugwedera, tiike tizitsulo kapena tiwasiye?

Nangondo_Bembeke
Abale anga a pa gulu, ndithandizeni maganizo. Amayi anga ali ndi zaka 68, mano onse anatha, akumwamba ndi am'munsi omwe. Anawapangira oikirira ku Lilongwe zaka zingapo zapitazo. Akumwamba alibe vuto, amagwira bwinobwino. Koma am'munsiwa ndiye ayi ndithu. Akamayankhula amagwedera, akamadya amanyamuka, chakudya n'kulowa kunsi kwake, nkhama n'kuchita zilonda. Pano pa ukwati kapena pa maliro sadyanso pagulu, amangoti ndakhuta. Kwaya ya amayi kutchalitchi anasiya. Thupi likutha ndikuona ndi maso angawa.
Mchimwene wanga amene ali ku Johannesburg akuti kuli tizitsulo ting'onoting'ono timene amalowetsa m'fupa la nsagwada, mano aja n'kumakoleka pamenepo osagwederanso. Akuti iye alipira, ngakhale kuwatenga kupita nawo komweko. Amayi akuopa, nanenso ndikuopa. Alipo amene anaziona zimenezi? Munthu wamkulu chonchi angapirire? Nanga kwathu kuno zimachitika?

Kabaza_Golomoti
Chitsulo m'fupa? Mukufuna muwaphe amayiwo? Asiyeni azidya phala ndi mbatata, ukalamba ndi umenewo.

NaJere_Lizulu
Achimwene a kabaza, zaka 68 ndi ukalamba wodyera phala lokha? Kwathu kuno agogo amamwalira akukukuta nyama ya mbuzi. Mukakhala mulibe chonena muzingowerenga.

Kabaza_Golomoti
Ndangonena maganizo anga asisi, gulu ndi la tonse.

MphunzitsiWopuma
Mayi Nangondo, ndiyankhe ngati mwini nkhani, chifukwa ndikulemba pano am'munsi anga ali m'kapu. Atayamba kugwedera ndinkangoti anandipangira olakwika. Nditabwerera kumene ndinapangitsa anandiuza kuti manowo sanasinthe, chasintha ndi nsagwada yanga. Anawatenga, anapaka zinthu zofewa kunsi kwake, anandilumitsa, kenako anakawonjezera pulasitiki kuti alingane ndi mmene nkhama zilili panopa. Iwo amati relining. Sanandibaye, magazi sanatuluke, ndipo ndalama yake inali yoti munthu wa penshoni n'kukwanitsa. Sindikunamizani, nyama ndimayamba ndaiduladula ndi mpeni, chimanga chootcha ndinatsanzikana nacho. Koma kuyankhula, kudya nsima ya nyemba kapena ya mpiru, ndilibe nazo vuto. Musanathamangire zitsulo yambani mwafunsa zimenezi. Kodi chiwapangireni manowo, amayi anabwererakonso kukaonetsa?

Nangondo_Bembeke
Ayi bambo, sanabwererekonso. Ife timangoti mano akaikidwa basi zatha.

ZamanoLinthipe
Moni nonse. Ine ndine dental therapist, wothandiza odwala mano kuchipatala, ndinaphunzira ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe. Ndineneretu kuti zitsulozi ife sitiika, ndi ntchito ya dokotala wa mano amene anaphunzira zimenezo. Koma anthu ovala mano oikirira timawaona tsiku ndi tsiku, ndiye ndifotokozeko.

Zimene anena aphunzitsi n'zoona. Fupa limene limagwira mano limakhalapo chifukwa cha manowo. Dzino likachoka, fupa la pamalopo limayamba kuphwa, kwambiri m'chaka choyamba, kenako pang'onopang'ono moyo wonse. Nsagwada yam'munsi imaphwa msanga kuposa yakumwamba. Ndiye mano amene anakwana bwino kalelo, lero akhala pamalo poti panatsika. Akumwamba ali ndi mwayi wina, pulasitiki yake imafunda kumwamba konse kwa m'kamwa, malovu akalowa pakati imamatirira. Am'munsi alibe pomatirira. Amangokhala pa kamzere kopyapyala ka nkhama, uku lilime likuwakankha, uku masaya ndi mlomo. N'chifukwa chake pafupifupi aliyense wobwera kudzadandaula amadandaula am'munsi.

Tsono tizitsulo akunena achimwene anuwo amati mini implant. Ndi timasikuluwu ta chitsulo chotchedwa titaniyamu, kunenepa kwake sikufika mamilimita 3, utali kawirikawiri kuyambira mamilimita 10 kupita m'mwamba. Kumutu kwake kuli kampira kakang'ono kamene kamatsala kunja kwa nkhama. Pa nsagwada yam'munsi amakonda kuika tinayi, kutsogoloku, chifukwa kumeneko fupa limakhala lolimba ndipo mtsempha waukulu sufikako. Chakumbuyo m'fupamo mumadutsa mtsempha umene umachititsa kuti mlomo wam'munsi ndi chibwano zizimva kukhudza. Akaulasa mlomo umachita dzanzi, mwina osathanso. Kunsi kwa mano oikirirawo amakumba timaenje tinayi n'kuikamo tizipewa tachitsulo tokhala ndi kamphira kozungulira mkati. Ukawakanikiza amalowa kuti khethe, ngati batani lophatikiza la pa malaya a mwana lija. Usiku umawachotsa ndi zala bwinobwino.

Za zaka 68 musaope. Dokotala sayang'ana zaka, amayang'ana fupa limene latsala ndi thanzi la munthuyo.

Kabaza_Golomoti
Ndiye mvula ikamagwa ndi ziphaliwali za ku Dedza zija, munthu wa chitsulo m'kamwa atuluke panja?

DalaivaM1
Kkkkk inuyo mumakhala pa njinga yachitsulo tsiku lonse, mphenzi yakusiyani bwanji? Ine ndili ndi chitsulo m'mwendo chichitireni ngozi, ndimayenda pamvula ngati wina aliyense.

AnkoloAKuJoni
Mwana wanga Nangondo, ine kwathu ndi kwa Kampepuza ndipo tizitsuloto ndili nato m'kamwa muno, tinayi. Ndinaikitsa ndikugwira ntchito ku Joni. Ndikuuze mmene zinayendera.

Tsiku loyamba sanandigwire n'komwe, anangondijambula X-ray ija makina amazungulira mutu wonse, kuti aone fupa ndi pamene mtsempha wadutsa. Tsiku loika anandibaya jakisoni wa dzanzi m'nkhama, yemwe uja amabaya pochotsa dzino. Sanandigoneke, ndinali maso, ndikumva zonse zimene akukambirana. Sanang'ambe nkhama. Anangoboola kabowo kakang'ono ndi kamakina, kenako kulowetsa kachitsulo n'kumakapotokola ndi zala, pomaliza ndi kasipanala kakang'ono. Ululu sindinamve, chimene ndinamva ndi kukanikiza, ndiponso kulira kwa chitsulo kukumveka m'mutu monse. Kumeneko ndiye kunandiopsa kuposa jakisoni. Atatha anatenga mano anga akale omwewo n'kuikamo tizipewa tija, ndinatuluka nditawavala. Masiku angapo otsatira nkhama zinkapweteka, ndinkamwa panado n'kumadya zofewa.

Kunena zoona moyo unasintha. Ndimadya nyama, ndimaseka osatseka pakamwa, ndimayetsemula pagulu osagwira chibwano. Amene sanavalepo mano ogwedera sangamvetse zoyetsemulazi.

Koma pali chimodzi chimene achimwene akowo mwina sakuchidziwa. Timphira tija timatha. Kuvula ndi kuvala tsiku lililonse timafutukuka, mano n'kuyambanso kugwedera. Kusintha kwake n'kosavuta, dokotala amangotokosola kakale n'kuika katsopano, mphindi zochepa. Koma nditabwerera kumudzi ndinazungulira ndithu kufuna timphira tolingana ndi tizitsulo tanga, chifukwa kampani iliyonse ili ndi saizi yake. Mpaka anachita kunditumizira pa basi kuchokera ku Joni. Pano ndimasunga m'kabotolo kamankhwala, sindilola kuti tithe.

Nangondo_Bembeke
Zikomo kwambiri ankolo, mwandilimbitsa mtima. Timphirato timatha pakapita nthawi yaitali bwanji?

AnkoloAKuJoni
Zimatengera mmene munthu amadyera ndi kuvulira. Ine mwina kamodzi pachaka, ena miyezi isanu ndi umodzi basi tatha.

NaMaseko_Tsangano
Pepani ndisokoneze chimwemwe. Azakhali anga anaikitsa zomwezo, mwana wawo atalipira ndalama zambirimbiri. Chaka chisanathe kamodzi kanayamba kugwedera, nkhama zinatupa, mafinya akutuluka, fungo losaneneka. Anakachotsa. Kenako kachiwiri. Pano atsala ndi tiwiri ndipo manowo amapendekeka mbali imodzi. Azakhaliwo amalira kuti bola akanangokhala mmene analili. Ndiye musamangomva za amene zinawayendera.

ZamanoLinthipe
Pepani achemwali. Azakhaliwo amasuta kapena kufwenkha fodya? Nanga shuga ali nayo?

NaMaseko_Tsangano
Shuga ali nayo, mankhwala amamwa akakumbukira. Fodya ndi wa chingambwe uja amaika kunsi kwa mlomo. Koma dokotalayo bwanji sanawakanize? Ndalama anangolandira.

Namwino_Ntcheu
Funso limenelo n'loona achemwali, ndipo n'chimene ndimafuna ndinene. Dokotala amene sakufunsa matenda a munthu asanaike chitsulo, ameneyo muthaweni. Komanso tinene zoona, makolo athu ena amabisa. Fodya wa kunsi kwa mlomo amayi ambiri saulula, ngakhale kwa ana awo.

Shuga ikakhala yokwera chilonda chimachedwa kupola ndipo tizilombo timapeza mpata. Fupa limayenera kumera n'kugwira chitsulocho, tsono ngati thupi silikupola bwino silingagwire. Sikuti wa shuga sangaikitse ayi, koma ayambe waitsitsa ndipo ikhazikike. Fodya, kaya wosuta kaya woika m'kamwa, amachepetsa magazi opita ku nkhama, ndiye zitsulo zimalephera kwambiri mwa anthu a fodya.

A Nangondo, mukamapita mutenge kabuku ka kuchipatala ka amayi ndi mapaketi a mankhwala onse amene amamwa. A BP, a shuga, asipilini kapena ena ochepetsa kuundana kwa magazi, dokotala aone ndi maso, ndipo musawasiyitse nokha. Pali mankhwala ena olimbitsa mafupa amene amapatsidwa kwa anthu a mafupa ofooka kapena a khansa, amenewo amatha kuchititsa kuti fupa la nsagwada lisapole likaboledwa. Chimodzimodzi munthu amene anawotchedwapo khansa ya kumutu kapena kukhosi ndi makina. Ndipo poti ena amachita manyazi kufunsa, amene ali pa ma ARV, akumwa mokhulupirika ndipo tizilombo tinatsika, amenewo si chifukwa chowakanizira.

KachewereLizulu
Ine ndifunse za ndalama, poti aliyense akuzemba. Zingati?

AnkoloAKuJoni
Ine ndinalipira marandi ndipo ndi kale, ndikakuuzani ndikusokeretsani. Kungoti si ndalama ya m'thumba, ndinachita kusungira.

ZamanoLinthipe
Mtengo mukafunse komweko tsiku lomwelo. Zipangizo zonsezi amaitanitsa kunja, ndiye zimayendera dola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse cha m'chipatala cholipira chinakwera. M'zipatala zathu za m'maboma ntchito yaikulu ndi kuchotsa mano, kutsuka ndi kumata. Za zitsulozi muyembekezere kukazipeza kuzipatala zolipira za m'tauni, Lilongwe kapena Blantyre, ndipo yambani mwaimba foni kufunsa ngati amaika tating'onoto, chifukwa si onse oika zikuluzikulu amene amasunganso tating'ono.

KachewereLizulu
Mwaonatu. Ndalama yoti munthu angagule matumba a feteleza, kulima kachewere dimba lonse, kukolola, banja lonse kudya chaka chathunthu, ife tikaikwirire m'kamwa mwa munthu mmodzi? Achimwene a ku Joniwo angotumiza ndalamazo mugule feteleza. Chaka chino thumba lafika poti ukalifunsa mtengo umayamba wakhala pansi.

NaJere_Lizulu
Akolole kachewere woti amayi awo sangathe kudya? Inu a Kachewere chilichonse mumachiyeza ndi thumba la feteleza. Mukadzadwala tidzakuthirani yuleya.

KachewereLizulu
Kachewere wophika amadyeka ndi nkhama zokha asisi. Ndipo musandinyoze, pa Lizulu pano amene akudyetsa Lilongwe ndi Blantyre ndi ifeyo.

DalaivaM1
Kudyetsa mukudyetsadi koma matumba anu osokerera mutu aja akutithera masipuling'i. Thumba limodzi anthu atatu kunyamula, inu n'kumati mulipira ngati katundu wamba.

KachewereLizulu
Nanga inu mtengo wa minibasi mumakweza mafuta asanakwere n'komwe, timakuyankhulani?

AdminiWathu
Abale, za feteleza ndi minibasi zili ndi tsiku lake. Mayi Nangondo afunsa za mano a amayi awo. Tibwerere.

MwanaWaSukulu_BT
Zikomo a admini. Ine ndikuphunzira za mano ku Blantyre, ndiwonjezereko pang'ono, akuluakulu mundikonze.

Kwa amene akuopa kuti chitsulo chichita dzimbiri kapena chiwola m'thupi: titaniyamu sachita dzimbiri m'thupi, ndipo fupa limamera n'kumugwira. Anazitulukira ndi dokotala wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, m'zaka za m'ma 1950. Ankafufuza kayendedwe ka magazi m'mafupa a akalulu, ndiye kachipangizo ka titaniyamu kamene anaika m'fupa kanakanika kuchoka. Munthu woyamba anamuika zitsulo za mano mu 1965 ku Gothenburg, ndipo anakhala nazo zaka zoposa 40 mpaka kumwalira. Ndiye si zinthu zoyesera pa amayi anu.

Koma pali njira ziwiri, ndipo achimwene anu atchula imodzi yokha. Ina ndi kuika zitsulo ziwiri zikuluzikulu, zonenepa mamilimita 3.5 kapena kuposa, mano n'kumakoleka pa ziwirizo. Mu 2002 akatswiri atakumana ku yunivesite ya McGill ku Canada anagwirizana kuti kwa munthu amene mano am'munsi anatha onse, njira yoyamba kuiganizira ikhale imeneyi. Zikuluzikuluzi zafufuzidwa kwa nthawi yaitali kuposa tating'onoti. Kuipa kwake, kawirikawiri amang'amba nkhama, amasoka, ndipo umadikira miyezi pafupifupi itatu kuti fupa ligwire asanakolekepo mano. Ine ndikanakhala a Nangondo ndikanafunsa za ziwirizi poyamba.

ZamanoLinthipe
Wanena bwino mng'ono wanga, za m'buku zili choncho. Koma ukadzayamba kuona nsagwada za amayi a kumudzi amene mano anatha zaka khumi zapitazo udzaona kuti fupa latsala lopyapyala kwambiri. Chitsulo chachikulu chimafuna fupa lotambalala. Likakhala lopyapyala ndiye kuyamba kuwonjezera fupa, opaleshoni ina, ndalama zina, miyezi ina. Apa m'pamene tating'onoti timathandiza, timalowa pamene chachikulu sichingalowe, bala lake ndi laling'ono, ndipo mtengo umatsikirapo. Kuipa kwake nakonso kulipo. Poti n'toonda timatha kuthyoka, makamaka kwa munthu wokukuta mano kutulo kapena wotafuna zolimba kwambiri. Ndipo kampira kakumutu kaja n'kogwirana ndi thunthu lake, kakaperepeseka sungasinthe mutu wokha, umachotsa chonse. Kumwamba tizitsuloti sitigwira bwino ngati m'munsi chifukwa fupa lakumwamba ndi lofewa. Mwayi wake amayiwa akumwamba alibe vuto, asawagwire n'komwe.

Ndiye palibe angasankhire pa foni pano. X-ray ndi imene inene.

MwanaWaSukulu_BT
Ndamva akulu, zikomo.

MphunzitsiWopuma
Ndakondwa kumva kuti tili ndi mwana wathu amene akuphunzira za mano konkuno. Ife tikukula, dokotala wa mano aliyense anali wophunzira kunja kapena wochokera kunja.

MwanaWaSukulu_BT
Eya bambo, maphunziro a udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine, imene pano ili mu Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow ya ku Scotland. Nthawi imeneyo madokotala a mano dziko lonse lino sankakwana 50.

Kabaza_Golomoti
Koma abale mukuvutikiranji? Supa guluu alipo pa golosale iliyonse. Kadontho kamodzi basi agwira.

Namwino_Ntcheu
Achimwene, izi musaseke nazo, wina awerenga n'kukachitadi.

ZamanoLinthipe
Ndipo amachitadi. Ndinalandirapo bambo wina amene mano ake oikirira anathyoka pakati, iye n'kumata ndi guluu ameneyo n'kuvala asanaume. Nkhama zinapsa, ndipo manowo anamatika mokhota moti sanathekenso kukonza, anachita kupangitsa ena. Guluu wa nsapato ndi mapulasitiki asalowe m'kamwa.

Alipo mankhwala ake enieni omatira mano oikirira, amagulitsa m'mafamase ena m'tauni, ali m'kachubu. Umadontheza timadontho titatu kapena tinayi kunsi kwa mano ouma, n'kukanikiza. Amathandiza pa tsiku la ukwati kapena la kwaya. Koma madzulo uyenera kupukuta onse, pa mano ndi pa nkhama pomwe. Ndipo ukaona kuti ukuthira wambiri kapena kangapo patsiku, dziwa kuti manowo sakukwananso, akufunika relining ija. Ena mwa mankhwalawa ali ndi zinc, ndipo kumeza wambiri kwa zaka kumawononga mitsempha ya m'manja ndi m'miyendo.

GogoWaPaChimbiya
Ana inu, mdzukulu wanga ndi amene akundilembera. Ine anga ndinakana kuvala zaka ziwiri chifukwa anzanga kumpingo ankati amazula kwa anthu akufa. Ndinachita kupita nawo kwa abusa. Kodi zimenezi n'zoona?

ZamanoLinthipe
Ayi agogo, valani ndi mtima umodzi. Ndi pulasitiki yolimba yotchedwa acrylic, mano ake amabwera kuchokera kufakitale atandandalikidwa pa kakhadi, osiyana saizi ndi mtundu. Palibe dzino la munthu pamenepo.

GogoWaPaChimbiya
Chabwino mwana wanga. Tsono ndinene china. Nonsenu mwayankhula, wa feteleza wayankhula, wa ku Joni wayankhula, wa sukulu wayankhula. Mwiniwake wa kamwa mwamufunsa? Ife akuluakulu ana akatumiza ndalama timangovomera kuopa kuwakhumudwitsa, mtima usakufuna. Kenako zikavuta timavutika tokha usiku. Iwe Nangondo, khala pansi ndi amako pawiri, mlongo wako asakhale pa foni, uwafunse chimene akufuna. Uwafunsenso ngati adzatha kumatsuka tizitsuloto tsiku lililonse, poti maso ndi manja athu si a kale.

AnkoloAKuJoni
Agogo anena zoona pa zotsukazi. Walira mvula walira matope. Ine m'mawa ndi madzulo ndimavula mano, n'kutenga mswachi wofewa kutsuka kachitsulo kalikonse mozungulira, pamene kakumana ndi nkhama. Ukalekerera masiku awiri pamayamba kuyera zinthu, nkhama n'kufiira. Kenako manowo ndimatsuka ndi sopo, makamaka m'timaenjemo, mumabisala nsima. Ndimatsukira pamwamba pa beseni la madzi kuti akapulumuka asasweke. Kugona nawo ayi, amagona m'kapu ya madzi ozizira.

MphunzitsiWopuma
Ozizira ndithu. M'nyengo ya Juni ku Dedza kuno munthu umafuna kuthira otentha, koma madzi owira amapinditsa pulasitiki. Phulusa ndi mchenga nazonso ayi, zimakanda, ndipo m'mokandikamo ndi mmene mumakhala litsiro.

Nangondo_Bembeke
Agogo, ndachita zimene munanena. Dzulo madzulo ndinakhala nawo pawiri kukhitchini. Poyamba ankangoti zili kwa inu ana. Nditaumirira anati chitsulo sakuchiopa kwenikweni, poti anabereka ana asanu ndi awiri, chimene akuopa ndi ulendo wa ku Joni, masiku awiri pa basi, ndiponso kukakhala m'nyumba ya mpongozi mwezi wathunthu alibe mano m'kamwa. Ndinaseka koma iwo sanaseke. Fodya sagwira. BP amamwa mankhwala. Shuga sanayezetsepo chiyambire. Ndawauza achimwene, akuumirirabe kuti madokotala abwino ali konko.

AnkoloAKuJoni
Achimwene akowo uwapatse nambala ya admini andipeze, ndiyankhule nawo ine amene ndinaikitsa konko. Madokotala abwino aliko, sindikana. Koma kuika ndi tsiku limodzi, kusamala ndi moyo wonse. Sabata yoyamba pamafunika kubwerera kuti aone ngati mano sakukhuza penapake. Pakapita miyezi, kubwereranso. Kachitsulo kakayamba kupweteka usiku, amayi ali ku Bembeke, dokotala ali ku Johannesburg, mudzatani? Pasipoti, basi, malire a Dedza, Mozambique, Zimbabwe, chifukwa cha kamphira? Pamene Lilongwe ndi pafupi, kupita m'mawa madzulo mwabwerako. Ndipo dokotala wina sakonda kugwira ntchito imene anayamba mnzake, makamaka ngati alibe zipangizo za kampani imeneyo. Ndalamazo atumize, ntchito ichitikire kumene amayi angathe kubwerera.

NaMaseko_Tsangano
Apa ndiye ndikugwirizana nanu ankolo. Azakhali anga chinawapweteka china n'chimenecho, kutupa kutayamba anakhala miyezi akudikira ndalama ya thiransipoti, akungochukucha madzi a mchere.

KachewereLizulu
Ine ndikadali pa mawu anga. Yambani ndi zotchipa zimene anena aphunzitsi. Zikakanika ndiye muziona zazitsulo.

NaJere_Lizulu
Koma lero mwayankhula zanzeru, kwagwanji?

ZamanoLinthipe
A Kachewere sanalakwe. Ndipo ngakhale mutasankha zitsulo, mano ogwedera kwambiri kapena otha sawakoleka mmene alili. Amayamba awakonza kuti akhale bwino pa nkhama, kapena kupanga atsopano, chifukwa kulemera kwa kutafuna kumayenera kugwera pa nkhama, tizitsulo ntchito yake ndi kugwira kuti asanyamuke. Mano osakwana bwino amathyola tizitsulo. Ndiye relining si ndalama yotayika.

Zilonda zimene mwanena zija ziyambe zapola. Awavule usiku uliwonse, ndipo masana ngati sakudya awapumitseko. Koma chilonda chilichonse cha m'kamwa chimene chatha masabata awiri kapena atatu osapola, ngakhale chisakupweteka, chikaonedwe kuchipatala msanga, musadikire za zitsulo. Pa boma pomwepa akhoza kuwaona, n'kuyezeratu shuga tsiku lomwelo.

Mukafika kwa dokotala woika zitsulo musachite manyazi kufunsa. Waikapo anthu angati? Ajambula X-ray asanayambe? Mtengo akutchulawo ukuphatikiza tizipewa, kukonza mano ndi maulendo obwereza? Kamodzi kakalephera amatani, mulipiranso? Timphira amasunga, ndipo n'ta kampani yanji? Dzina la kampani ndi saizi akulembereni m'kabuku ka amayi. Chiphaso chake cha Medical Council of Malawi chikhale poonekera, ngati sichikuoneka funsani.

Kabaza_Golomoti
Mafunso onsewo dokotala sakuthamangitsani?

Namwino_Ntcheu
Akakuthamangitsani ndiye kuti wakuyankhani.

Nangondo_Bembeke
Zikomo nonse. Lolemba tiyamba ndi pa boma, akaone zilondazo ndi kuyeza shuga. Za Lilongwe tipangana zotsatira zikatuluka. Ankolo, achimwene akuti akuimbirani Loweruka akaweruka.

DalaivaM1
Tsiku la Lilongwe mudzandiuze kudakali dzulo lake, ndidzawasungira mpando wakutsogolo. Koma pamphambano ya Bembeke mudzafike 6 koloko isanakwane, ndikadzaza sindiima.

MlimiWaKuMayani
Pepani ndalowa mochedwa, ndawerenga zonse. Bambo anga awo ndi osiyana pang'ono, am'munsi anatsala atatu akutsogolo koma akugwedera, ndiye oikirira awo ndi a mbali okhala ndi timawaya. Achotse atatuwo kuti aike tizitsulo?

ZamanoLinthipe
Musathamangire kuchotsa achimwene. Dzino lachibadwa ngakhale limodzi limasunga fupa ndipo limagwira mano oikirira. Akaonedwe kaye chimene chikuwagwedeza. Nthawi zambiri ndi matenda a nkhama, ndipo ena amalimbako akatsukidwa bwino kuchipatala. Abwere ndi oikirirawo, tidzaone ngati si timawayato timene tikuwakoka.